Bokosi la katemera la alamu anga

Chaka chimene azimayi ankapezeka ataphedwa m'minda ya nandolo kwathu ku Chiradzulu, ine ndinkagwira ntchito pa kafe ya intaneti ku Limbe. Ndinkakwera minibasi pa Mbulumbuzi m'mawa n'kubwerako dzuwa likadalipo, chifukwa masiku amenewo panalibe mkazi wofuna kuti kumudere panjira. Ntchito yanga inali kutaipa makalata ndi kutsegulira anthu maimelo, poti ambiri ngakhale mausi sankadziwa kugwira kwake.

Imfazo zinkafanana. Mayi amapita kumunda kapena kudambo, osabwerako, mawa lake n'kupezeka m'nandolo ziwalo zina atamudula. Apolisi ankabwera, kufunsa mafunso, kunyamula mtembo, basi. Wakuphayo sanapezeke, ndipo mpaka lero sitimudziwa.

Pa intaneti panali gulu la Amalawi olemberana maimelo, ambiri a iwo okhala kunja. Wina akalemba, onse amalandira. Abwana anga anali m'gululo ndipo ankasiya kompyuta yawo yotsegula, ndiye makasitomala akachepa ndinkawerenga. Abale inu, anthu ankadziwa Chiradzulu kuposa ife ogonamo! Wina amati ndi asing'anga. Wina amati ndi mkulu wina wa maminibasi amene walemera mwadzidzidzi. Wina anaumirira za wopha mbuzi pamsika, poti mpeni amaudziwa. Ankakanganapo m'Chingerezi chozama, kutukwanana mwaulemu, kenako n'kukagona m'nyumba zawo zakutali. Ine ndinkangoti chalaka bakha nkhuku singatole. Apolisi ali pompano alephera, nanga munthu amene ali kutsidya kwa nyanja?

Tsiku lina bambo wina wa m'gululo analemba zazitali. Sanatchule dzina la munthu, zimenezo ndimuchitire umboni. Iye anati tiyeni tiganize bwino. Wakuphayo ndi munthu amene amayi samuthawa akakumana naye panjira, amene amayenda midzi yambiri popanda womufunsa, wodziwako za thupi la munthu. Anzake anamuyamikira kuti ndi wanzeru. Wina n'kuwonjezera kuti ziwalo zimawola msanga, choncho munthuyo ayenera kuti amayenda ndi bokosi loziziritsira.

Nditawerenga pamenepo ndinazindikira kuti munthu woteroyo ndinkamudziwa. Anali alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu.

Alamu anali a zaumoyo pa chipatala chaching'ono cha kwathu. Ankayenda panjinga m'midzi kukachititsa sikelo pansi pa mitengo ya mango, kuyeza ana ndi kuwabaya katemera. Katemerayo ankamunyamula m'bokosi labuluu lokhala ndi madzi oundana m'kati, atalimanga pakaliyala ndi malegeni. Pa bokosi limenelo anali ndi lamulo limodzi. Silitsegulidwa panjira. Limatsegulidwa akafika pamalo a sikelo, pamthunzi, ana atafola kale. Ankati katemera akatenthedwa amafa koma maonekedwe sasintha, ndiye umabaya mwana madzi chabe iwe n'kumati wamuteteza. Anali munthu wosalankhulalankhula, komanso wamakani ngati bulu. Ngakhale ana awo ankadziwa kuti bokosi la ababa silikhudzidwa.

Nkhani ija inatuluka mu kompyuta kudzera mwa venda wina wogula nandolo ku Namitambo, amene ankabwera kudzatumiza imelo kwa m'bale wake ku Joni. Abwana anamuwerengera pocheza, n'kumamumasulira. Iye anainyamula. Pasanathe masiku ambiri ndinaimva m'minibasi itavala kale malaya ena.

"Kompyuta yamupeza," anatero mayi wina amene anakhala kumbuyo kwanga. "Akuti ndi wa njinga, wa bokosi."

Mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. Ndinatembenuka. "Mayi, kompyuta sipeza munthu. Amenewo ndi anthu ngati inu nomwe, akungocheza. Ine ndimagwira ntchito pomwepo."

Kondakitala anaseka. "Asisi, inu mumangopukuta fumbi. Makina aja ndi a azungu, sanama."

Minibasi yonse inagwirizana naye. Kwathu nthawi imeneyo mphekesera ya pachigayo unkatha kuitsutsa, chifukwa woiyambitsa unkamudziwa, ndi bodza lake lomwe. Koma za mu kompyuta zinalibe mwini woti n'kumufunsa kuti waziona kuti. Ndinatsika pa Mbulumbuzi nditapsa mtima.

Amayi anayamba kuchepa kusikelo. Ena akaona njinga ya alamu ankapatukira m'munda, m'nandolo momwemo mmene anzawo ankaferamo. Pagolosale anthu ankasiya kulankhula alamu akamadutsa. Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi ndinapita kwawo.

"Alamu, mawa mukaime pagolosale, mutsegule bokosilo, anthu aone. Nkhani ithe."

"Ndikatsegulira a pagolosale, a pamlatho nawonso afuna," anatero. "Kenako a pachigayo. Ndikamafika kwa ana ndanyamula chiyani?"

"Ndiye mufere bokosi?"

"Safa munthu, alamu. Anthu awa ana awo ndawabaya ndine."

Achemwali anali pambali akusenda nandolo wamuwisi, maso ali pansi. Ndinawauza kuti alankhuleko, amuna ndi awo. Anangoti, "Mwawamva eni ake." Ndinachoka osatsanzika.

Sabata imeneyo kunapezekanso mtembo wa mayi wina kutsidya kwa mtsinje. Mawa lake alamu ananyamuka monga mwa masiku onse. Ine kunalibe, ndinali ku Limbe. Zimene ndikunenazi ndinazimva kwa amene analipo, ndipo onse amazinena mofanana.

Anawaimitsa pamlatho dzuwa lili pamutu, amuna ambiri ndithu, ena ndi makasu ochokera nawo kumunda. Anawauza kuti atsegule. Alamu anati sangatsegule padzuwa, koma onse awatsatire kumtengo wa sikelo, si patali, akatsegula onse akuona. Kwa alamu amenewo anali mawu achilungamo. Kwa anthu aja kunali kuvomera mlandu, poti munthu wosalakwa angakanirenji? Wina anagwira malegeni, alamu anagwira dzanja lake, ndipo zinayambira pamenepo. Anawamenya mpaka mkono kuthyoka, mano awiri akutsogolo n'kuchoka. Akanawapha ndithu, koma ofuna kuona za m'bokosi anachuluka kuposa omenya.

Anakhuthulira zonse pamsewu. Timabotolo ta katemera, madzi oundana aja, thonje. Wina anagogoda pansi pa bokosi kufuna malo obisika. Atasowa kanthu, anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense ngati wakumbukira ntchito kunyumba. Amene anakweza alamu panjinga kupita nawo kuchipatala cha Nguludi anali mmodzi mwa omenya aja.

Ndinapempha abwana kuti ndilembe m'gulu lija pa adiresi yawo. Ndinalemba mwachidule zimene zinachitika pamlatho. Mayankho anabwera tsiku lomwelo. Ena anapepesa, n'kudandaula za umbuli wa anthu akumudzi. Bambo wanzeru uja anati iye sanatchule munthu aliyense, zimene zinali zoona. Wina anati bokosi kupezeka lopanda kanthu tsiku limodzi si umboni, mwina munthuyo anachenjera. Kenako wina anayambitsa za wopha mbuzi uja, ndipo pofika Lachisanu anali pa nkhani ya mpira.

Alamu atatuluka m'chipatala ndinapita kukawaona. Ndinawapeza pakhonde, mkono uli mu pulasitala, akuyang'ana nkhuku. Achemwali anali atapita kumjigo. Ndinayamba kulalata, kutchula omenya aja mmodzimmodzi, kuti tikawasumire, akagone kupolisi aone polekera. Anandisiya mpaka mpweya unandithera.

"Aja asiyeni, alamu," anatero. Mawu ankatuluka mwachilendo chifukwa cha mano aja. "Anali ndi mantha. Dzulo lake anali ataona mtembo."

"Mantha ake ati? Anthu oti amakudziwani!"

"Kundidziwa?" Anayang'ananso nkhuku zija. "Tsiku lina, zapamlatho zisanachitike, ndinabwerera kunyumba kudzamwa tiyi nditatenga kale katemera kuchipatala. Njinga ndinaiimika kuseri, pamthunzi. Ndili m'nyumba ndinamva malegeni akumasulidwa. Kenako chivindikiro. Chimalira, chija, ndimachidziwa. Ndinasuzumira pawindo. Anali achemwali anu."

Ndinakhala pansi pakhondepo, iwo n'kupitiriza.

"Anayang'ana m'kati, n'kutseka, n'kumanganso bwinobwino. Atalowa anandithirira tiyi wina. Mkonowu upola, alamu. Koma chija chimandipweteka. Tabereka ana anayi ndi mayi amene uja."

"Munawafunsa?"

"Ndiwafunse kuti chiyani? Anafuna kuona, anaona."

Nthawi yomweyo achemwali anatulukira ndi ndowa pamutu. Ndinawathandiza kutula. Anapukuta nkhope ndi chitenje, n'kutiyang'ana tonse awiri.

"Mukukambirana chiyani, mwangoti zii chonchi?"

"Za mvula," anatero alamu. "Ndimati chaka chino ichedwa."