Kamtondo ka tsabola ku Area 11

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinachotsetsa bambo anga ntchito. Bambo anali khukhi wa Mzungu wina ku Area 11, ndipo tinkakhala m'kanyumba ka antchito kuseri kwa mpanda. Kutha kwa ntchito kunali kutha kwa nyumba, ana tonse tinkadziwa zimenezo.

Juni akafika ndi chisanu chake, adona a pakhomopo ankaitana anzawo kudzamwa vinyo wotentha. Zonunkhiritsa zake ankakonza ndi bambo. Ankapalasa njinga kupita ku Old Town, khadi la chipani lili m'thumba, n'kukagula sinamoni, jinja wouma ndi kalafuu, tija timaoneka ngati timisomali. Makoko a malalanje ankayanika okha padenga. Zonsezi ankangoziphwanya pang'ono ndi botolo, kuzimanga pakansalu koyera, n'kuponya m'poto.

Koma bambo anali Msilamu wa mapemphero asanu. Zaka zisanu ndi zinayi anatenthetsa vinyoyo osaikapo lilime. Muyeso wawo unali mphuno basi.

Chaka chimenecho mphunoyo inatsekeka ndi chimfine. Alendo ankayembekezeka masana, nkhuku zinali pamoto, ndiye anandiitana pakhomo la khitchini, poti ana sitinkaloledwa kulowamo.

"Asiyatu, tenga izi ukaphwanye, umange pakansalu."

Ine kwathu ndinkadziwa kuti chonunkhira chilichonse timasinja. Ndinatenga kamtondo ka amayi, kaja kosinjiramo tsabola wa kambuzi, ndinakapukuta ndi chitenje, n'kusinja mpaka zonse zinasanduka ufa. Ndinanyada nazo zedi. Bambo ananunkhiza kansaluko, osamva kanthu, n'kuponya m'poto.

Ndinali kuseri kwa zenera pamene alendo anayamba kutsokomola pakhonde. Mayi wina anachita kutuluka misozi. Adona analowa m'khitchini nkhope ili psuu, atanyamula sipuni.

"Wachita izi ndani?"

"Ndine, dona."

"Lawa wekha umve!"

Bambo anaika manja kumbuyo. "Pepani dona, chimenecho sindingathe."

Adona anabwereza kawiri, sipuni ili pafupi ndi pakamwa pa bambo. Ndinkafuna kufuula kuti ndine, koma chifukwa cha mantha ndinangobisala kuseri kwa zenerako. Manyazi a tsiku limenelo ndikadali nawo.

Mwezi utatha tinakweza katundu pangolo, ulendo wa ku Old Town kwa amalume, anthu asanu ndi awiri m'chipinda chimodzi. Ndinkadikira mkwapulo tsiku lililonse, koma sunabwere. Tsiku lina ndinalephera kupirira, ndinawauza bambo ndikulira kuti ndinasinjira mu kamtondo ka tsabola.

"Ndinadziwa tsiku lomwelo," anatero. "Mtondo suiwala chimene unasinja, mwanawe, ngakhale uupukute chotani. Koma iwe unachita zimene unkadziwa. Wolakwa ndi amene anakutuma osakuuza kachitidwe kake."

Kenaka anayala thumba pansi, n'kundionetsa kaphwanyidwe ka sinamoni ndi botolo, ngati kuti mawa tidzuka kupita kuntchito.

Bambo sanagwirenso ntchito ya ukhukhi. Anayamba kugulitsa zonunkhiritsa mumsika, ndipo benchi lawolo ndi langa tsopano. Disembala ndi Juni kumabwera anthu ofuna timapaketi ta zonunkhiritsa za vinyo wotentha, ndimawakonzera. Aliyense amene ndikumutuma ndimamufotokozera mpaka atatopa nane, adzukulu amati ndimalongolola. Alekeni anene. Ndinaona mtengo wa mawu amodzi osanenedwa.

Makasitomala amati zanga zimakoma kuposa za m'sitolo. Ndimangovomera, poti ine, ngati bambo anga, sindinalawepo.