Malipiro a Amayi Anga Ndimawasesa Ndine

Inu amene mukuti zanu zinada, tamverani izi. Ine ndikazikumbukira mtima umawira.

Tsiku lomwe abwana a fakitale ya sopo anamata pakhoma pepala lochotsa ntchito amayi khumi ndi awiri okulunga sopo, mtsikana wosesa anali pomwepo, tsache lili m'manja. Pamndandandapo panali dzina la mayi ake, omwe ankadyetsa nyumba yonse.

Mtsikanayu anthu ankangomutchula kuti Tsache. Mayeso a zowerengera ndalama analephera kawiri, ndipo fakitale yonse inkadziwa, poti akauntanti, mlamu wawo wa abwana, ankailengeza nkhaniyo pa tiyi kuti anthu aseke.

Akauntantiwo mwati anali munthu wa ntchito? Mtengo wa sopo sankauwerengera n'komwe. Ankatuma dalaivala kukasuzumira m'sitolo mtengo wa kampani yaikulu, iwo n'kuchotsapo pang'ono, basi yatha. Phindu likasowa, mlandu unkagwera amayi okulunga, ati achuluka, ati akudya zaulere. Zamanyazi!

Koma wosesa amaona zimene wa tayi saona. Waya wodulira sopo anali wokhota, moti makina ankamwaza zidutswa mbwee pansi. Kwa miyezi itatu, Tsache asanakataye zinyalalazo ankayamba waziyeza pa sikelo, n'kulemba m'kope lake lakale lakusukulu. Anzake ankati mutu wayamba kuzungulira. Iye ankangopitiriza kuyeza.

Tsikulo anakoka thumba la zidutswa mpaka mu ofesi ya abwana. Akauntanti anamuima kutsogolo, ati wolephera mayeso angauze ndani za ndalama, abwerere akasese. Tsache anawalambalala, n'kukhuthula thumba lonse patebulo, pamwamba pa mapepala.

"Bwana, izi m'mabuku a alamu anu mulibe," anatero. "Tsiku lililonse timataya makilo makumi anayi a sopo amene munagulira mafuta, n'kulipirira magetsi. Malipiro a amayi anga ndimawasesa ndine."

Abwana ananyamula okha zidutswazo kukayeza, kenako anakhala pansi ndi kope lija. Sopo wotayika pamwezi ankaposa malipiro a amayi onse khumi ndi awiri. Ndipo waya watsopano mtengo wake sunkafika ngakhale pa malipiro a munthu mmodzi. Tangoganizani, mabanja khumi ndi awiri akanagona ndi njala chifukwa cha kawaya!

Pepala lija analimatula. Koma musaganize kuti panali zikomo. Akauntanti sanachotsedwe, si mlamu nanga. Abwana anangomupatsa Tsache katebulo pakona kuti aziwerengera ndalama zimene sopo aliyense amadya popangidwa, malipiro akadali a wosesa kwa chaka chathunthu. Zimenezi zimandipweteka mpaka lero.

Iye analuma mano. Analembanso mayeso kachitatu, ndipo anakhoza.

Lero palibe mtengo umene umatuluka m'fakitale muja iye asanasaine. Alamu aja amaima pakhomo pake, pepala m'manja, kudikira kuti awauze kuti lowani. Mayi ake akukulungabe sopo, ndipo akamadutsa, anthu amawapatsa moni mwaulemu wonse.

Ndiye inu amene anakusekani kuti munalephera, kwiyani ndithu, ndi ufulu wanu. Koma mkwiyowo musathere nawo kulira kuseri. Yezani, lembani, tsiku lake mukakhuthule patebulo. Mtima wokhawo musautaye.