Theka la Mphindi la Mkulu Wanga

Pabanja pathu ine ndiye ndinali wodula nyimbo. Munthu akagula foni yatsopano ankabwera nayo kwathu ku Kabwata, n'kundiuza nyimbo imene akufuna kuti izilira anthu akamuimbira. Si ntchito yofuna nzeru ayi. Umatsegula nyimboyo mu kapulogalamu kodulira, imaoneka pagalasi ngati mano a chipeso, ndiye umasuntha timizere tiwiri, kena poyambira kena pothera, mpaka patsale theka la mphindi. Zanga ndinkadula m'minibasi popita kuntchito ku Cairo Road, chigongono cha munthu chili m'nthiti mwanga. Aliyense ndinamuikira yakeyake: abwana, amuna anga, ngakhale mayi wa nsomba zouma wa pamsika. Foni ikalira m'chikwama ndinkadziwiratu ngati ndi yoyankha kapena yoisiya ivutike.

Ya mkulu wanga sinali nyimbo ya pawailesi. Mwana wa amalume atakwatiwa tinapita ndi matebeto ku Chelstone, kukapereka zakudya kwa mkamwini, mapoto pamutu, ng'oma patsogolo. Wotsogolera nyimbo anali mkulu wanga, monga mwa nthawi zonse. Mayi wina wa kutchalitchi kwa mkulu wangayo anajambula mawuwo n'kunditumizira. Fayiloyo inali yaitali. Koyambirira kunalibe nyimbo. Anali mkulu wanga akundikalipira pageti chifukwa ndinafika mochedwa ndi nkhuku, kenako akuyamba nyimbo yekha amayi asanavomere. Zonsezo ndinazidula. Ndinkafuna pamene ng'oma zakoma, amayi onse akuimba pamodzi, kuti izimveka m'phokoso la m'tauni. Foni itadzaza, fayilo yaitaliyo ndinaifufuta limodzi ndi zithunzi za makeke.

Ringitoniyo sindinaimvepo mpaka kumapeto. Mkulu wanga anali munthu wosadikira. Ikangolira pang'ono osayankha ankadula, n'kuimbanso pompo kudzandifunsa ngati makutu ndinawasiya kunyumba.

Tsiku limene anamwalira, ng'omazo zinalira masana ndili muofesi. Ndinayankha kuti, "Nili pa nchito, ba sisi." Anali alamu anga, amuna ake. Anati mkulu wanga wagwa m'bafa, ndipo kuchipatala afika atatha kale. Ndinazimitsa kompyuta, ndinatsuka kapu yanga ya tiyi, ndinakakwera minibasi ya ku Libala, kumene ankakhala mkulu wanga.

Kunyumba ya maliro amuna anali panja patenti, ife amayi m'nyumba, pansi, mipando itatulutsidwa. Ine misozi sinabwere. Ndinkaona amayi akulowa akulira, akugwera pamiyendo panga, ine n'kumayang'ana zitenje zawo. Manambala onse a abale anali m'foni ya malemu, choncho alamu ankaimbira pa yomweyo. Akafuna kudziwa kumene kuli makiyi kapena mabulangete, ankandiimbira ali panja pomwepo. Ndiye pakati pa nyimbo zamaliro, m'chikwama mwanga munkaphulika ng'oma za matebeto.

Azakhali, alongo awo a bambo athu, anandikoka chitenje.

"Iwe, chosa chinyimbo icho. Pano ni pa malilo. Kulila sulila, koma ng'oma ndiye uliza."

"Nizachosa, ba anti."

Sindinachotse. Sindinganene kuti ndinali ndi chifukwa. Dzanja silinapite kumeneko basi.

Titaika maliro ndipamene ndinayamba kufunafuna fayilo yaitali ija. Mayi amene anajambula anati foni yake inabedwa m'tauni chaka chatha. Ena anali ndi mavidiyo a tsikulo, koma munali mapoto ndi misana ya anthu, mawu ake osamveka. Mkulu wanga sankatumiza mauthenga a mawu, ankati zimenezo n'za anthu aulesi, iye ankangoimba foni. Choncho mawu ake onse amene anatsala padziko pano anali m'theka la mphindi limene ndinadula ine.

Ndinalimvetsera lonse koyamba, tam'makutu tili m'makutu, nditakhala pabedi Loweruka m'mawa. Ndinamufunafuna pakati pa amayi aja koma sindinamupeze. Mawu onse anali atasakanikirana monga mmene ndinkafunira. Kumapeto kokha, pamene ndinachedwa kuika kamzere kothera, nyimbo imatha, munthu amayamba kuseka, n'kudukira pakati. Kuseka kumeneko ndi kwake.

Ndinabwereza kangapo, osamva chilichonse mumtima. Ukaiyatsa wekha ndi fayilo chabe. Chinkandigwedeza pang'ono n'chakuti ilire yokha, mosayembekezera, nambala yake ili pagalasi. Apa ndinazindikira kuti nambalayo ikafa, ng'omazo sizidzaliranso.

Tsiku logawa katundu wa malemu, zonse anaziyala pamphasa pabwalo: madiresi, nsapato, mapoto omwe aja a matebeto. Akuluakulu ankanyamula chinthu n'kutchula woti atenge. Ine anandipatsa juzi ndi zitenje ziwiri. Foni inapita kwa mlongo wa alamu, amene anachokera ku Luapula. Anaitembenuza, n'kupempha phini kuti achotse simu aikemo yake.

"Ba mulamu," ndinatero, "foni tengani. Simu chabe musataye."

Anthu anandiyang'ana. Munthu amene sanalire pamaliro a mkulu wake akulimbira kanthu kochepa ngati chikhadabo. Azakhali anayamba kutsegula pakamwa, koma mwana wa malemu, mtsikana wamkulu amene amagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala ku Woodlands, anatambasula dzanja.

"Nipaseni ine. Nizayamba kusebenzesa namba ya ba mami."

Anaika simuyo m'foni yake, ndipo ng'oma zinayambanso kulira m'chikwama mwanga. Koma mwanayo anatengera amake. Ndikamadikira kuti ifike kumapeto, iye ankadula amayi ali pakati pa nyimbo. Ndinaganizapo zoidulanso fayiloyo kuti kuseka kubwere koyambirira. Ndinatsegula kapulogalamu kaja, ndinayang'ana timizere tiwiri tija, ndinatseka. Ndinali nditadula kale zokwanira.

Tsiku lina nditaweruka, ndili pasiteji ya maminibasi, anaimba n'kudula, anaimbanso n'kudula. Ndinamuimbira ine.

"Ba mami ang'ono, nichani simuyankha? Nakutumilani kabili."

"Ukanitumila osadula musanga. Uziileka ilile mpaka kumapeto."

"Chifukwa?"

Ndinamufotokozera za matebeto, za timizere, za fayilo imene ndinafufuta. Ndinalankhula ngati ndikupereka malangizo a njira. Pomaliza ndinati, "Ba mami bako bali kumapeto."

Anadula foni, ndipo nthawi yomweyo inayamba kulira m'dzanja langa. Ndinaisiya. Ng'oma zinayamba, amayi anavomera, anthu akundigunda mapewa pothamangira minibasi. Ndinkadziwa kuti kumene aliko iye sakumva chilichonse cha zimenezi, akungomva kulira kwa foni yosayankhidwa, koma anadikira. Nyimbo inatha, mkulu wanga anayamba kuseka, anadukira pakati. Ndinayankha.

"Mwabamvela?" anafunsa.

"Nabamvela."

"Benze kukamba chani?"

"Benze kuseka chabe."

Kondakitala ankakuwa kuti Kabwata, mpando umodzi watsala. Ndinakwera foni ili kukhutu, ndipo pa awirife palibe amene anadula.