Mwila sachoka pasukulu paja

Moni nonse.

Ndangochokera kusukulu kwa mwana wanga Mwila kuno ku Chawama. Alongo anga Ba Chanda, paja munati timuchotseko chifukwa aphunzitsi ake ndi aulesi, ana amangophunzitsana okhaokha. Ndiye ndapita kukadzionera.

Ndapeza madesiki atayang'anizana, aphunzitsi akuyendera gulu lililonse. Pagulu la Mwila panali chitumbuwa chodula panayi, iyeyo akufotokozera anzake masamu ogawa. Mwila yemweyu wachibwibwi, amene pakhomo amathawa ndi alendo omwe!

Liwu lina litamukanirira pakhosi, anzake anangokhala chete kumudikira. Palibe amene anaseka. Analimaliza yekha.

Pamene ife kunyumba timangomumalizira mawu, ati kumuthandiza.

Sindimuchotsa, Ba Chanda, ngakhale mukwiye. Nanga enanu, ndi liti pamene munamudikirapo Mwila mpaka amalize kulankhula?