Madontho atatu kunsi kwa desiki

Ndinene poyambirira kuti Mwanahalima sindimuda. Anthu a kuno kwathu, kufupi ndi pamene Bua amathira m'nyanja, amakonda kunena kuti Liness ali ndi kaduka, ngati kuti iwo mitima yawo inachapidwa ndi sopo. Kaduka ndili nako, sindikana. Koma mumve kaye kumene kanachokera.

Tinakulira limodzi. Bambo anga anachokera ku Mulanje kudzadula nzimbe, atatopa nazo anapeza dimba m'mbali mwa mtsinje n'kukhazikika. A kwawo kwa Mwanahalima ndi eni dera, makolo awo ankachita malonda padoko kalekale. Sitandade 1 tinayamba tsiku limodzi, pansi pa mtengo umodzi wa mango. Iye analekeza Sitandade 3 zilembo zisanamulowe m'mutu, n'kuyamba kuthandiza mayi ake kuyanika usipa. Ine ndinafika Fomu 2, satifiketi ili m'sutikesi mpaka lero. Ndiye tandiuzani, mwa awirife woyenera kumvedwa pa nkhani za sukulu ndani?

Anakwatiwa ndi Swaibu wokhoma maboti, mwamuna wosalawa mowa, wofika pakhomo dzuwa likadalipo. Wanga ndisamutchule. Mpunga wa Mwanahalima umacha bwino ngakhale chaka chimene wa tonsefe wamira. Ndiye mbale! Mayi ameneyu ali ndi mbale, makapu ndi masefuliya okwanira mudzi wonse. Pakagwa maliro, pakakhala ukwati kapena sadaka, aliyense amathamangira kwa amake Fauzia, poti ndi mmene timamutchulira. Amabwereketsa mosanyinyirika, koma chiwiya chake sichisowa. Chilichonse amachidontheza kunsi ndi penti wobiriwira wotsala kwa mwamuna wake, madontho atatu, awiri pamwamba limodzi pansi. Mwambo ukatha amakhala pamkeka n'kumatembenuza mbale imodziimodzi. Chaka china beseni lake linalowerera ku Dwambazi, iye n'kulitsatira pa minibasi. Tinamuseka mpaka misozi.

Mu 2022 makolo anatisankha tonse awiri mu komiti ya sukulu yathu ya pulaimale. Ine mlembi, poti cholembera ndimachidziwa. Iye membala wamba, wodinda chala. Wapampando wathu, a Sulemani, anali atakalamba, maso akuwavuta, ndipo aliyense ankadziwa kuti pa chisankho chotsatira mpandowo ukhala wanga. Ndinkaufuna, ndisaname. Ndinkafuna kamodzi kokha m'moyo wanga anthu adutse pakhomo pa Mwanahalima osaima, akubwera kwa ine.

Ana a pasukulupo ankaphunzira atakhala pasimenti yokumbikakumbika. Atsikana akuluakulu a Sitandade 8 ankachita manyazi kudzuka poyankha funso, ena mpaka kumajomba. Amene analemba makalata asanu ndi imodzi opempha madesiki ku boma ndi ine. Ineyo, osati wina. Ndipo tsiku lina lole inabweradi ndi madesiki makumi asanu ndi limodzi onunkhira vanishi, khansala wathu a Raston ali kutsogolo. Kunali nyimbo, nthungululu, kujambulana. Alendo atapita ndinapeza Mwanahalima atagwada m'kalasi, kachitini ka penti pambali, akudontheza kunsi kwa desiki iliyonse ndi kamtengo.

"Amake Fauzia, mwayesa mbale zanu izi? Katundu wa boma ameneyu."

"Wa boma ndiye amasowa msanga, anzanga," anayankha osadzutsa mutu. "Mwini wake amakhala kutali."

Ndinakafotokozera aphunzitsi, tinaseka tonse.

Patatha milungu itatu a Raston anandipeza kunyumba. Sanapite kwa a Sulemani, sanapite kwa ahedi, anabwera kwa ine, galimoto n'kuima pakhomo panga mudzi wonse ukuona. Anati akalipentala anakhoma madesiki aja mothamanga, ena akugwedera, ndiye lole iwatenge Loweruka akawalimbitse, abwera pakatha milungu iwiri.

"Inu mayi Liness ndinu ophunzira, zinthu mumamva msanga," anatero. "Enawa tingachedwe nawo."

Mawu amenewo anandikomera ngati tiyi wamkaka. Ndinasaina kalata yawo osaitanitsa komiti, osauza munthu. Loweruka lole inabwera pasukulu palibe aliyense, n'kunyamula onse.

Milungu iwiri ija inasanduka miyezi inayi. Ana anabwerera pasimenti. Makolo akafunsa, ahedi ankangoti a boma anadzatenga, ine n'kumapukusa nawo mutu ngati wodabwa. Ndikawaimbira foni a Raston, ankati ali pamsonkhano. Ndinayamba kuonda, anthu n'kumati ndi malungo.

Kenako mwayi wa Mwanahalima uja, umene sumutaya. Mwana wa mchemwali wake ankakwatiwa m'mudzi wina wa m'mbali mwa msewu wopita ku Nkhunga, ndipo iye anapita ndi mbale zake. Mipando itachepa, eni ukwati anakabwereka madesiki pasukulu yapafupi, imene inali itangolandira kumene atsopano, nayonso mwa nyimbo ndi kujambulana. Potolera ziwiya, dzanja lozolowera kutembenuza zinthu lija silinapirire. Anapendeketsa desiki imodzi. Madontho atatu. Anapendeketsa yachiwiri, yachitatu, onse chimodzimodzi. Atafunsa wapampando wa komiti ya kumeneko, a Lazaro, anamva kuti nawonso auzidwa kuti lole ibwera Loweruka kudzawatenga kuti akawalimbitse.

Akanakhala wina, bwenzi atabwera n'kumalalata pamjigo. Iye ayi. Anapempha a Lazaro kuti atseke madesikiwo m'kalasi ndi loko, n'kudikira msonkhano wa komiti ya chitukuko cha dera, kumene khansala amafotokoza zimene zachitika, mkulu wa ku ofesi ya maphunziro alinso pompo. Tsikulo anafika mochedwa, a Lazaro akukankha njinga pambuyo pake, desiki itamangidwa pa kaliyala.

A Raston anali atangomaliza kuwerenga kuti sukulu zitatu za m'dera lawo zalandira madesiki makumi asanu ndi limodzi iliyonse. Mwanahalima anakweza dzanja, anakonza mpango wake, n'kutulutsa mbale m'chikwama.

"Bwana, ine kuwerenga sindidziwa, mundikhululukire. Koma mbale iyi ndi yanga, onse pano anadyerapo." Anaitembenuza, n'kupempha a Lazaro atembenuzenso desiki ija. "Iyinso ndinaidontheza ndine, pasukulu pathu, koma ndakaipeza kwa anzathuwa. Ndiye ndimati ndifunse, madesikiwa alipodi a sukulu zitatu, kapena ndi omwewo akungoyendayenda ngati mbale za pamaliro?"

Holo yonse inaphulika. Amayi kululutira, anthu kuomba m'manja, abambo kuimirira kuti aone madonthowo. Ine ndinali pabenchi lachiwiri. Mantha analipo, koma chimene chinkandiwawa kwambiri, ndinene zoona, chinali kuomba m'manja kuja. Makalata asanu ndi imodzi ndinalemba ine, koma woomberedwa m'manja ndi wa kachitini ka penti.

A Raston sanatekeseke. Anatsegula chikwama chawo n'kutulutsa pepala limene ndinalizindikira lisanatambasulidwe.

"Palibe anaba madesiki pano. Komiti ya sukulu inavomereza yokha kuti achoke. Kalata ndi iyi."

Anaipereka dala kwa Mwanahalima, akudziwa kuti sangaiwerenge. Iye anaigwira chozondoka, n'kumayang'ana uku ndi uku kufuna nkhope yoti aidalire. Anapeza yanga.

"Anzanga a Liness, inu ndiye maso athu. Tatiwerengereni."

Ndikanatha kunena kuti magalasi ndaiwala kunyumba. Ndinaganizadi zimenezo. Koma mkulu wa maphunziro uja anali atatambasula kale dzanja kuti ndikakana awerenge yekha. Ndinaimirira. Ndinawerenga tsiku, ndinawerenga kuchuluka kwa madesiki, ndinawerenga mawu akuti komiti yonse yagwirizana. Kumunsi kunali dzina limodzi lokha, ndipo ndinaliwerenganso.

Ndinkadikira kuti Mwanahalima andinyoze pagulu, ndipo ndikanakonda akanatero, bwenzi tili ofanana. Anandiyang'ana kanthawi, kenako anatembenukira kwa anthu.

"Wallahi, anzangawa anangowapusitsa. Akanabwera kwa ine, bwenzi nditadinda chala osadziwa n'komwe chimene ndadinda. Tisasiye za madesiki n'kuyamba kudyana tokhatokha. Bwana, ana athu akhala pansi mpaka liti?"

Madesiki anabwerera mwezi womwewo, asanu ndi imodzi atathyokera m'maulendo awo. Sukulu ziwiri zinazo zinalonjezedwa awoawo, ndipo a Lazaro amapita kukakumbutsa mwezi ndi mwezi. A Raston anaitanidwa ku boma kukafotokoza, nkhani yawo ikadali m'maofesi.

Tsiku la chisankho cha komiti, makolo onse anakwezera manja Mwanahalima. Dzina langa palibe analitchula, ngakhale a ku tchalitchi kwathu. Ndinali nditanyamula kale chikwama pamene iye anaimirira n'kunena kuti mpandowo saulandira pokhapokha mlembi akhale Liness, chifukwa tsopano palibe munthu angamusainitse pepala pakhonde. Anthu anaombanso m'manja, akuti mayiyu ali ndi mtima wabwino. Mwaona? Ngakhale kugwa kwanga kunamuonjezera ulemu.

Lachitatu loyamba la mwezi uliwonse ndimakhala kumanzere kwake, kope pamiyendo. Makhansala ndi akalaliki akabwera amapereka moni kwa iye, kwa ine amangogwedeza mutu. Iye amalankhula, ine ndimalemba. Akamaliza amati, "Tawerengani, anzanga, timve ngati mwalemba zomwe ndanena."

Ndipo ndimawerenga.