Anagwada kale, ndikamuneneze bwanji?

Lachiwiri ndinakwera basi ya ku Springburn, dera lina la mumzinda wa Glasgow, nditatumidwa ntchito yomwe ndinkaiona yophweka. A Nambewe, mayi wachikulire wa ku tchalitchi kwathu, amayembekeza wofufuza wochokera ku bungwe loyang'anira chisamaliro cha okalamba, ndipo mwana wawo anandipempha kuti ndikawamasulire. Chingerezi amachimva, koma cha ku Glasgow kuno chimathamanga kuposa makutu awo.

Nkhani yake ndi iyi. Kampani ina imatumiza antchito kunyumba kwawo kukawasambitsa ndi kuwamwetsa mankhwala. Mwezi watha anamwetsedwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi kawiri m'mawa umodzi. Wantchito woyamba anawapatsa n'kupita, wachiwiri anafika osauzidwa, n'kuwapatsanso. Chizungulire chinawagwira kubafa, anagwa, mpaka kugonekedwa m'chipatala. Wachiwiriyo ndi Chisomo, Mmalawi mnzathu, mayi wa ana awiri.

A Nambewe ndinawapeza atamanga kale mpango, tiyi ali patebulo.

"Mwavutikiranji, mwanangu? Ine sindinena kanthu," anatero. "Mwana uja Chisomo anabwera kuchipatala, anagwada pambali pa bedi azungu akuona. Anapepesa. Ndinamugwira dzanja n'kumudzutsa ndekha. Ndiye lero ndimuneneze? Akamuchotsa ntchito, ana ake adya chiyani?"

Nanenso ndinakulira momwemo. Kwathu munthu akagwada, nkhani yatha. Woitolanso ndiye amakhala woipa. Inu owerenga, ndi kangati mwatuluka m'chipatala mukuti zikomo kwambiri, bala litamangidwa molakwika, n'kukadandaulira mlamu wanu pafoni? Timaopa kutchedwa ovuta. Kuno kunja timaopanso kugwetsa mnzathu yemwe mapepala ake okhalira m'dziko muno amangiriridwa ku ntchito.

Chifundo chimenechi ndimachikonda, sindinama. Koma lamulo la kuno silinapangidwe kuti lingodula anthu mitu. Wodwala akavulazidwa kwambiri, osamalira amayenera kumuuza zoona, kupepesa ndi kuunika chomwe chinalakwika. Ofufuza akabwera safunsa za dzanja lomwe linapereka piritsi lokha. Amafunsanso amene anagawa ntchito, amene anaphunzitsa, amene anayenera kuuza mnzake. Kampani ikhoza kulamulidwa kukonza zinthu, ikakanika n'kutsekedwa. Wantchito akhoza kuchenjezedwa, kubwezedwa ku maphunziro kapena kuimitsidwa, ndipo inde, pa zazikulu amachotsedwa ndithu.

Zonsezi ndinawafotokozera a Nambewe mwaluso langa lonse. Anandimvetsera mwaulemu, n'kundiwonjezera shuga mu tiyi. Ndinadziwa kuti ndagonja.

Apo n'kuti Chisomo akutuluka kubafa atanyamula matawulo. Amabwerabe kudzawasambitsa, koma za mankhwala akampani anamuletsa kaye mpaka kufufuza kuthe. Anali atamva zonse.

"Amayi, nkhaniyi ku ofesi ndinakainena ndine, tsiku lomwelo," anatero motsitsa mawu. "Kugwada kuja ndimagwadira inu, sindimafuna kuti mubise."

"Nanga ana ako?"

"Mantha ndili nawo, amayi, ngakhale chakudya sichikutsika. Koma ndikachoka pano ndimapita ku Dennistoun kwa bambo wina amene anafa ziwalo, salankhula. Mashifiti athu amasinthana chimodzimodzi, osauzana. Inu munagwa, munakuwa, anakumvani. Iyeyo akuwa bwanji?"

Ine ndinayang'ana pawindo, misozi ikulengeza, ndikunamizira kuona mvula.

Apa ndi pomwe ambiri timaphonya. Timayesa kuti kukhala chete n'kuteteza munthu amene tikumuona, amene watigwadira, amene timadziwa mayina a ana ake. Wina uja amene sitimudziwa, wa pa adiresi yotsatira, samalowa m'chifundo chathu. Kodi kukhululuka kumalamula kuti tibise zomwe zinachitika? A Nambewe anamukhululukira Chisomo ndi mtima wonse, ndipo palibe wofufuza angawalande zimenezo. Koma kusauzana kwa pa kampani kuja sikunagwadire aliyense.

Chisomo anatsanzika wofufuzayo asanafike. Sindikudziwa chomwe bungwelo lidzagamule, ndipo sindingakulonjezeni kuti ntchito ya Chisomo ipulumuka. Zimenezi zikundipweteka.

Belu la pakhomo litalira, a Nambewe anakonza mpango wawo n'kundikoka mkono.

"Ndinena zonse, ndi za kusauzanazo," anatero. "Koma inu mumasulire bwino, musadumphe. Mumuuzenso kuti mwana uja asanandikhudze amayamba wafunditsa manja ake m'madzi otentha, kuti ndisazizidwe. Zimenezonso alembe."

Wofufuzayo, mayi wa tsitsi la imvi, anamvetsera za mapiritsi, za bafa ndi za mashifiti. Nditamasulira za manja zija anaima kaye, n'kuwayang'ana a Nambewe. Kenako anaweramira pepala lake, nalemba.