Nyemba Imodzi pa Webusayiti

Msuweni wanga atabwerako ku Ulaya, komwe ankasamalira okalamba, anali atasintha. Zovala zake zinali zotuwa zokhazokha, ndipo ankayankhula motsitsa ngati ali pamaliro. Mawu amene sankachoka pakamwa pake anali akuti bata. Ine nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa makompyuta pasukulu ina ya sekondale pa Boma, choncho atafuna webusayiti anatulukira kwathu.

Bizinesi yake inali ya nyemba, zomwe zija amalima amayi ake, azakhali anga, ku Lobi. Ankafuna kumaziika m'timapepala tofiirira n'kumagulitsa kwa anthu a ku Lilongwe amene amaopa fumbi la pamsika.

"Asuweni, ndikufuna munthu akangotsegula, mtima wake ukhale pansi," anatero.

Ndinalimbana nayo sabata yathunthu. Pamwamba ndinaika Phiri la Dedza, pansi pake nyemba za nanyati, kholophethe ndi kayera, kenako mawu ofiira oti TAKULANDIRANI akuyenda uku ndi uku. Ndinawonjezanso vesi. Inakongola ngati chitenje cha paukwati.

Iye atayang'ana anatsinzina.

"Ikundisokosera."

"Koma sipika ndazimitsa, asuweni."

"Mitunduyi ikukuwa. Chotsani."

Ndinachotsa phiri. Mawa lake ndinachotsa vesi, ndikupepesa chamumtima. Nanyati anachoka chifukwa mawanga ake akuti amabalalitsa maganizo. Nambala ya foni nayo inapita, akuti manambala amathamangitsa mtima. Kenako tinatha masiku awiri tikusankha mtundu woyera: uwu wonga ufa, uwu wonga choko, uwu wonga nkhungu ya mu Juni. Ine ndinkangovomera, poti kwa ine yonse inali imodzimodzi.

Chinatsala ndi chithunzi. Loweruka tinakwera njinga zamoto kupita ku Lobi, kuzizira kukulowa mpaka m'mafupa. Azakhali anali atamva kuti kukubwera zojambula. Tinawapeza atavala chitenje chatsopano ndi duku, ataitananso amayi a mumphakati mwawo, omwe anatilandira ndi nyimbo. Msuweni anawapatsa moni mwaulemu, n'kuwadutsa. Anapisa dzanja m'thumba, kusankha nyemba imodzi, kuiika pa thabwa la paini, n'kugwada. Anaijambula pafupifupi ola lathunthu, nyimbo ija ikuzilala pang'onopang'ono.

"Mwanangu," anafunsa azakhali, "kodi nyemba imeneyi inadzilima yokha?"

"Amayi, anthu a masiku ano safuna zambiri."

"Ndiye azikaphika imodziyo."

Webusayiti itatha ndinakaionetsa bambo anga, amene anapuma pa uhedimasitala. Anavala magalasi, kugwira foni ndi manja awiri, n'kudikira. Anadikirabe.

"Netiweki ya kuno nayonso! Tiyeni tiipatse mpata itseguke."

"Yatseguka kale, bambo."

"Nanga kakuda aka n'chiyani? Ntchentche?" Anayesa kukapukuta ndi mpango.

Mwezi unatha popanda wofunsa nyemba. Anthu ankalowa ndithu, ndinkawaona pa kompyuta, koma akafuna kugula ankasowa poyambira. Tsiku lina m'mawa ndikukonzekera kusukulu ndinamva munthu akukuwa pageti, mawu amene ndinawamva komaliza tili ana tikulimbirana mapichesi.

"Iwe! Chinthu chako chija n'chakufa!"

Ndinatuluka. Anali msuweni, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira. Ndinamukumbutsa kuti nambala anachotsetsa yekha. Anakhala pakhonde, kupuma kaye, kenako ananena motsitsa kuti tiibwezere, koma ikhale ya zilembo zing'onozing'ono, zotuwa. Yake anakana, akuti kulira kwa foni kumamusowetsa mtendere. Tinaika ya azakhali.

Apa m'pamene nyemba zinayamba kuyenda. Azakhali akamayankha foni amakuwa ngati akuitana munthu wa kutsidya kwa dambo. Amayamba afunsa za ana, za mvula, za kumene munthuyo amapemphera, zanyembazo pambuyo. Ndinalipo tsiku lina ataimba mayi wina wa ku Lilongwe wofuna timapepala tiwiri. Anacheza mpaka foni kutentha, mayiyo akufotokoza za miyendo yake yotupa ndi mpongozi wake waulesi. Pomaliza azakhali anamuuza kuti timapepalato n'tachibwana, amutumizira ndowa yathunthu pa minibasi, pamodzi ndi kabichi muwiri. Msuweni atamva anadandaula kuti kabichi mulibe m'dongosolo la bizinesi yake, koma ndowayo anakakweza yekha pa siteji.